Mwana wanga amabwera kuchokera kuokala wopanda chenji: ndisiye kumupatsa ndalama?

Funso

Ndine mayi wa ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Ndili ndi mnyamata wa zaka 15 amene madokotala anatiuza ali wamng'ono kuti ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu. Amalankhula, amawerenga, ali Sitandade 7, ndipo nambala za maminibasi a kwathu kuno amazidziwa pamtima. Koma ndikamutuma kuokala amangosiya ndalama pakauntala, kutenga katundu, ulendo, chenji osadikira. Mwezi watha anyamata ena anamudyera K5,000 imene amalume ake anamupatsa. Ndikuleranso mwana wa malemu mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 11, amene sakhazikika chidwalireni malungo a mu ubongo, ndipo kuchipatala anati ndi ADHD, vuto la kusakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Iyeyu masamu amakhoza, koma ndalama ikangomufika m'manja yatha. Bambo a kunyumba akuti tisamawapatsenso ndalama onse awiri mpaka adzakule. Kodi akulondola?

Yankho

Mayi, bambowo ndikuwamvetsa. K5,000 siitoledwa pansi, ndipo zimawawa kuona mwana wako akusanduka munda wa ana a eni. Koma pa nkhani iyi sindikugwirizana nawo. Mnyamata wanu chaka chamawa akwanitsa zaka 16, msinkhu umene boma limapereka chiphaso cha unzika, ndipo akakhala nacho akhoza kulembetsa simu khadi m'dzina lake. Pakangotha zaka zina ziwiri malamulo adzamuona ngati munthu wamkulu. Ndalama idzamupeza, mufune musafune. Chimene mungasankhe n'chakuti imupeze liti: panopo pamene akutaya K500 inu muli pambali pake, kapena m'tsogolo pamene adzataye malipiro a mwezi wonse inu kulibe.

Ine ndinaphunzira ntchito ya uphunzitsi ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo ndakhala zaka zambiri m'kalasi ya ana ofunika chithandizo chapadera. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri, kwa makolo ngakhalenso kwa ife aphunzitsi, ndi kudikira. Timati ayambe wadziwa kuchotsera, kenako tidzamupatse ndalama. Ana ena kuchotsera kwa pamtima sadzakudziwa mpaka kukalamba, koma kugula sopo, kukwera minibasi ndi kukana wakuba angathe ndithu. Kugwiritsa ntchito ndalama ndi luso la m'manja, ngati kupalasa njinga. Amaphunzira akuchita.

Ana anu awiriwa musawaike m'thumba limodzi. Onse ubongo wawo umagwira ntchito mosiyana ndi wa anzawo ambiri, koma mosiyananso wina ndi mnzake. Mnyamatayo chimamuvuta ndi malamulo osalembedwa amene tonsefe tinangowatolera osaphunzitsidwa: kuti ukapereka ndalama umaima kaye, kuti mawu akuti "ndikubwezera mawa" nthawi zina amatanthauza kuti iwalako. Mtsikanayo malamulo onsewo amawadziwa, mwina kuposa inu. Chimene chimamugonjetsa ndi kudikira. Ndipo zimene anakuuzani kuchipatala sizachilendo: kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth kwanu komweko, n'kufalitsidwa mu 2010, anaonetsa kuti ana ena opulumuka malungo a mu ubongo pambuyo pake amagwa khunyu kapena amakhala osakhazikika ndi ovuta kuwalamulira. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa zimene anthu amanong'ona m'makwalala, makamaka banja likakhala ndi kageni koyenda bwino, zoti mwana anamukhwimira. Palibe anamukhwimira mwana aliyense apa.

Tiyambe ndi mnyamatayo, ndipo tiyambire pa ndalama zenizenizo. Musanamutumenso kulikonse, khalani naye pamphasa muyale ndalama zamapepala, muone ngati amazisiyanitsa komanso amazisiyanitsa bwanji. Pali msampha umene ine ndinaudziwira kwa mwana wina m'kalasi mwanga. Mnyamata ameneyo ankadziwa ndalama iliyonse poyang'ana nkhope: K100 ndi Sangala, K200 ndi Rose Chibambo, K50 ndi Gomani, K20 ndi M'mbelwa. Ankayankha mofulumira moti alendo obwera kudzaona kalasi ankamuombera m'manja. Tsiku lina ndinamupatsa K2,000 ndi kumufunsa kuti ndi zingati. Anayang'ana n'kunena molimba mtima kuti K500. Ndinayang'ananso ndalamayo ndekha, ndipo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku osachilabadira: John Chilembwe ali pa K500, alinso pa K2,000 imene inatuluka mu 2016. Kamuzu ali pa K1,000, alinso pa K5,000 imene inatuluka mu 2022. Mwana amene akudalira nkhope akhoza kupereka K5,000 akuganiza kuti wapereka K1,000, ndipo sangadikire chenji chifukwa m'mutu mwake mulibe chenji choti adikire. Fufuzani ngati si zimene zikuchitikira wanu. Ngati ndi zomwezo, mphunzitseni kuika chala pa nambala ya pakona ndi kuiwerenga mokweza asanapereke. Mwana wodziwa nambala za maminibasi pamtima sizimutengera masiku ambiri.

Gwiritsani ntchito ndalama zenizeni, osati zojambula papepala. Ana ambiri a autism chimene aphunzira pa chinthu china sachisamutsira msanga pa china chofanana nacho, ndiye ndalama ya masewera imakhala ya masewera basi. Muonetseninso zakutha, zakuda, zomata ndi selotepi, kuti adziwe kuti K1,000 yonunkha usipa ndi K1,000 yomweyo. Ena amanyansidwa kuzigwira. Ngati wanu ali choncho musamukakamize, mugulireni kachikwama ka zipi kuti asamazifumbate nthawi yaitali.

Tsopano njira yolipirira. Aphunzitsi a ana otere kumayiko ena ali ndi njira imene ndinaitengera ku makwacha athu ndipo imagwira. Mpatseni ma K1,000 okhaokha, mtundu umodzi basi. Lamulo lake ndi limodzi: yang'ana nambala yoyamba ya mtengo, pereka mapepala ochuluka choncho, onjezerapo limodzi. Tinene kuti chinthu chili pa K2,350. Nambala yoyamba ndi 2, ndiye awerenge mapepala awiri, kenako anene kuti "ndi lina limodzi", akhale atatu. Chikakhala pa K4,800, anayi ndi lina limodzi. Chikakhala chosafika K1,000, pepala limodzi lokha. Apa sakufunika kuchotsera chilichonse. Ndipo taonani ubwino wake: ngakhale aiwale chenji, ngakhale wogulitsa amubere, chimene chingatayike sichingapose K1,000. Yerekezani ndi kumutuma atanyamula K5,000 imodzi kukagula machesi. Akazolowera, mudzalowetsepo ma K500, kenako ma K2,000, mtundu umodzi pa nthawi.

Za chenji, ganizirani mmene iye akuonera. Mwamuuza kuti akagule shuga. Wapereka ndalama, walandira shuga, ntchito imene munamutuma yatha. Sakuchita mphwayi, wachita ndendende zimene munanena. Choncho chenji chilowe m'kati mwa ntchitoyo. Lembani pa kakhadi kolowa m'thumba la malaya, mawu ochepa, mzere uliwonse chochita chimodzi: pereka moni, tchula chimene ukufuna, funsa mtengo, pereka ndalama, tambasula dzanja udikire, ika chenji m'chikwama, tenga katundu. Onetsetsani kuti kutenga katundu kuli kumapeto. Ichi n'chaching'ono koma ndiye mtima wa nkhaniyi, chifukwa shuga akangofika m'manja mwake, miyendo imayamba yokha ulendo wa kunyumba.

Yesererani kunyumba kaye, inu muli wogulitsa kuseri kwa tebulo. Kenako pitani kuokala imodzi yomweyomweyo, nthawi imene kulibe anthu ambiri ndipo wailesi sikuphokosera, chakumasana osati m'mawa pamene aliyense akulimbirana buledi. Mwini okalayo mukambirane naye nokha poyamba. Muuzeni kuti mwanayu akuphunzira, asamuthamangitse, ndipo akaiwala asamuponyere chenji m'jumbo mwakachetechete, koma amufunse kuti "Watsala ndi chiyani?" Sabata yoyamba imani pambali pake. Yachiwiri imani pakhomo. Yachitatu mukhale tsidya la msewu. Mukafika poti mwatsala kunyumba, mwana wanu waphunzira okala imodzi. Dziwani kuti pa okala yachiwiri mudzayambiranso, ngakhale kuti sizidzatenga nthawi ngati poyamba. Akabwera kunyumba, khalani naye muwerengere pa kakyuleta ya pafoni: ndinapereka zingati, mtengo unali zingati, zotsala zikhale zingati. Kugwiritsa ntchito kakyuleta si ulesi. Ogulitsa m'mashopu a ku Limbe amaigwiritsa ntchito tsiku lonse.

Mukonzekeretseninso za zinthu zimene ife timangoziona ngati zabwinobwino koma iye zingamusokoneze mpaka kukwiya. Wogulitsa akhoza kumupatsa maswiti m'malo mwa K50. Akhoza kunena kuti chenji palibe, adzatenge madzulo. Mpatseni mawu okonzeratu oti anene: "Chonde lembani papepala." Mawu omwewo nthawi zonse.

Vuto lina ndi la dziko lathu lino. Mwana wokonda kuti zinthu zizikhala chimodzimodzi akaloweza kuti sopo ndi wakutiwakuti, kwa iye mtengowo ndi lamulo. Koma kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chiyambire pamenepo mitengo siigona malo amodzi. Ndinaonapo mtsikana wina akulira pagolosale, akuumirira kuti wogulitsa ndi wabodza, chifukwa mtengo wa buledi sunali umene ankaudziwa. Choncho musamuphunzitse mitengo ngati mmene timaphunzitsira matebulo a kuchulukitsa. Mphunzitseni kuti mtengo umafunsidwa tsiku lililonse. Ndipo apa chidwi chake pa maminibasi ndi chuma chanu. Mugulireni kope, alembe tsiku, nthawi, ndi mtengo wa minibasi kuchoka ku Chirimba kukafika m'tauni, m'mawa ndi madzulo, tsiku la mvula ndi tsiku limene mafuta asowa. Pakatha mwezi adzaona yekha, ndi manambala ake omwe, kuti mitengo imayenda. Zimene mukanalephera kumufotokozera ndi pakamwa, kopelo lidzamuuza. Lamulo la pasiteji likhale lakuti afunse mtengo asanakwere, ndipo apereke ndalama yokwanira ndendende ngati n'kotheka, chifukwa mawu a kondakitala akuti "chenji pambuyo" amagonjetsa ngakhale ife akuluakulu.

Kunenerera mtengo pamsika kusiyeni kaye. Kumafuna kuwerenga nkhope ya munthu ndi kunamizira kuchoka, zinthu zimene zimamuvuta kwambiri. Ayambe ndi malo amene mtengo ndi umodzi.

Nkhani ya K5,000 ija ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa chenji. Wogulitsa amabera mwana K200. Anzake amamubera zonse, n'kubweranso mawa. Achinyamata ambiri a autism amafunitsitsa kukhala ndi anzawo, ndipo amakhulupirira mawu mmene anenedwera. Wina akati "Ndiwe mnzanga, tandibwereka", iye amamva zinthu ziwiri zoona: ndine mnzake, ndipo adzabweza. Musamukalipire kuti ndi wopusa. Mukatero, ulendo wina akadzaberedwa adzabisa, ndipo mwana wobisa ndiye amadyeredwa zaka.

Mufotokozereni momveka kusiyana kwa zinthu zitatu: kupatsa, pamene wafuna wekha ndipo siibwerera, kubwereketsa, pamene imalembedwa m'kope ndi tsiku lobweza, ndi kulandidwa, pamene wapereka chifukwa cha mantha kapena chifukwa akuti ukakana sakhalanso mnzako. Kenako mpatseni chiganizo chimodzi chothawirapo: "Ndikafunse kaye amayi." Asafotokoze zambiri, asatsutsane nawo, angobwereza mawu omwewo. Apa bambo ake alowepo. Akhale ngati mnyamata wa pamsewu, amunyengerere, amuseke, amuopseze pang'ono, mwanayo aziyankha chiganizo chake mpaka chizituluka chokha. Bambo amene amati mwana asapatsidwe ndalama nthawi zambiri ndi amene ali ndi mantha kwambiri, ndipo akapatsidwa ntchito yomuteteza amaigwira ndi mtima wonse. Komanso ndalama yaikulu ngati ya amalume ija isamayende naye. Aziyenda ndi ya tsikulo basi.

Sindikunena kuti mumuphunzitse kuumira. Kwathu kuno munthu wosagawana ndi anzake amasalidwa, ndipo mwana wanu ali kale pambali. Muikireni kandalama kochepa pa sabata kamene ndi kogawana, agule zitumbuwa adye ndi amene wamufuna. Kakatha katha.

Foni ndiye ikubwera. Ndalama ya mu Airtel Money kapena Mpamba siioneka, siigwirika, ndipo kwa mwana amene amamvetsa zinthu poziona, ili ngati kulibe, kapena ngati siitha. Musadikire kuti akhale ndi nambala yake. Yambani panopa pa foni yanu. Pitani naye kwa ejenti, apereke yekha K2,000, aone uthenga ukulowa, alembe m'kope. Tsiku lina mukatape, aone kuti potapa amadulako kenakake, ndiye K2,000 ya mufoni si K2,000 ya m'manja. Mukagula mayunitsi kapena bandulo, iye ndiye aziwerenga zotsala ndi kulemba.

Malamulo a pafoni akhale ochepa ndipo asakhale ndi "koma". Nambala yachinsinsi sauza munthu aliyense, ngakhale woimbayo anene kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Uthenga wonena kuti walandira ndalama saukhulupirira mpaka ataona yekha zotsala mu akaunti. Satumiza ndalama kwa munthu iyeyo asanakuimbireni inu. Mauthenga aja tonse timalandira, akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena woimba akulira kuti watumiza molakwitsa mumubwezere, musawafufute. Muonetseni, muwerengere limodzi, mumufunse kuti bodza lili pati. Apa kuumirira malamulo kumene kumakutopetsani kunyumba kumasanduka chishango. Ndaona achinyamata a autism amene, atangolandira lamulo lakuti nambala yachinsinsi siuzidwa, anakaniza ngakhale mayi awo owabereka. Akakukanizani inunso, musakwiye. Mwaphunzitsa bwino.

Za kubetcha mpira ndi kandege ka pafoni muyambe ndinu kuzitchula, anzawo asanawaonetse. Malamulo salola mwana wosafika zaka 18 kutchova juga, koma foni ya mkulu wake wa mnzake siifunsa zaka. Mnyamata wokonda manambala akhoza kukhulupirira kuti wapeza ndondomeko ya mmene kandegeko kamagwera, pamene ndondomeko palibe. Ndipo kwa mwana wa ADHD, masewera olipira pompopompo ali ngati uchi kwa nyerere.

Tibwere kwa mtsikanayo. Katswiri wina wa ku America, Russell Barkley, amene anatsatira ana a ADHD mpaka atakula, anapeza kuti ambiri amadzavutika kusunga ndalama ndi kubweza ngongole, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti vuto la ana otere si kusadziwa choyenera kuchita, koma kuchita chimene akudziwacho pa nthawi yake. Ndiye ulaliki wa madzulo wa ubwino wosunga ndalama sungathandize. Adzavomera zonse, mochokera pansi pa mtima, mawa lake n'kukumana ndi zigege pageti la sukulu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi ameneyu kumukalipira sikumutsitsa mumtengo. Thandizo liyenera kukhala pamalo pamene ndalama ikutuluka.

Musamupatse ya sabata yonse Lolemba. Mpatseni ya tsiku, m'mawa uliwonse, ndipo kugawa kuchitike musanatuluke m'nyumba, ndalama isanalowe m'thumba. Tinene kuti mumamupatsa K300: K200 apite nayo, K100 aponye yekha mosungira inu mukuona. Imene wapita nayo ndi yake, adye mmene akufunira, musamufunse mafunso. Ndalamayo ikatha pa buleki yoyamba, yatha, musaonjezere ngakhale alire. Mosungiramo musakhale chitini chotseka. Tengani botolo loonekera m'kati, kuti aziona ndalama zikukwera, ndipo pabotolopo amatepo chithunzi kapena dzina la chimene akufuna. Chinthucho asankhe yekha, ndipo chikhale chapafupi. Kwa mwana wotere Khirisimasi ili kutali ngati kumwamba. Yambani ndi chinthu cha masiku atatu kapena anayi, kaya ndi chibangili, kaya ndi bolopeni ya mitundu. Akachipeza kangapo, talikitsani kufika sabata, kenako masabata awiri. Ngati mungathe, muikireni kabasela: akasunga masiku asanu osatapa, inu muponyemo K100 yanu pompo, osati kumapeto kwa mwezi.

Mukamutuma kumsika, alembe yekha zogula, ndalama ya zogulazo ikhale mu envulopu yake, yosiyana ndi yake ya m'thumba. Ana otere amatayanso ndalama kwenikweni, kuiwala pawindo, kuisiya m'buku. Musokereni kathumba ka zipi m'kati mwa yunifolomu musanayambe kumuganizira kuti akunama. Akafuna chinthu chodula chimene wangochiona, lamulo likhale lakuti tigone kaye, tikachifunabe mawa tidzabwera. Zambiri mwa izo pofika mawa amakhala ataziiwala.

Popeza masamu amakhoza, mpatseni udindo. Mukamapita ku banki mkhonde mutengeni tsiku lina aone mmene amayi amaponyera masheya ndi mmene ngongole imabwerera ndi chiwongoladzanja. Muwerengetseni kuti munthu wotenga K10,000 ya katapila, woti abweze K15,000 pakutha pa mwezi, wataya zingati. Adzayankha msanga, ndipo adzanyadira kuti mwamufunsa.

Pali chizolowezi china chathu chimene ndikupempheni muchisiye, ndipo ndikudziwa kuti ndikuponda pachilonda chifukwa nanenso ndinaleredwa nacho. Mlendo akapatsa mwana ndalama, mlendoyo asanafike n'kumsewu komwe, mayi amati "Bweretsa ndikusungire." Ndalamayo imakathera ku tomato ndi makala, ndipo mwana akaifunsa amauzidwa kuti kodi nsima imene unadya dzulo unagula ndiwe. Mwana aliyense amaphunzirapo kuti kusunga ndi kutaya, ndipo wanzeru amathamangira kuokala mayi asanamuone. Kwa mtsikana wanu, amene kudikira n'kovuta kale, kamodzi kokha n'kokwanira kugwetsa zonse mwamanga. Kwa mnyamatayo n'zoipa kuposa apo, chifukwa mukumuonetsa kuti munthu wokukonda akhoza kutenga ndalama yako osabweza, zomwe ndi zimene anyamata aja anachita. Zikakuthinani n'kubwereka m'botolo la mwana, zimachitika, pemphani, lembani m'kope, bwezani pa tsiku limene munanena. Ndipo ndalama yosunga isakhale chikwapu. Akalakwa kusukulu mulangeni mwanjira ina, botolo lisakhudzidwe.

Mnyamatayo akafika poti okala waidziwa, muganizire zoti azipezako yake. Ndalama yogwirira ntchito imamveka mosiyana ndi yopatsidwa. Nkhuku zochepa zoikira mazira zimayenda bwino ndi ana okonda ndondomeko, chifukwa ntchito yake ndi yomweyomweyo tsiku lililonse ndipo mazira amawerengeka. Pakhale zitini ziwiri, china cha mpamba wogulira chakudya cha nkhuku, china cha phindu, ndipo cha mpamba sichitsegulidwa pofuna mandasi. Akuluakulu ambiri a geni anagwa chifukwa chosasiyanitsa zitini ziwirizi, ndiye akazidziwa ali ndi zaka 15 ali patsogolo.

Inu ndi bambo mukambiranenso nkhani imene makolo ambiri amaizemba. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza ana ndipo limaletsa kulanda katundu wa omwalira, koma mwana amene sangathe kudziyankhulira pamaso pa achibale amafunika zambiri kuposa lamulo. Lembani wilo. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri okhulupirika amene mnyamatayo azidzawafunsa pa ndalama zikuluzikulu, ndipo ayambe kuwazolowera panopa, kuti chiganizo chija cha "ndikafunse kaye" chidzakhale ndi kopita inu mukadzapanda kukhalapo. N'kutheka kuti pa zinthu ngati kugulitsa malo kapena kutenga ngongole adzafuna womuthandiza moyo wake wonse, pamene za tsiku ndi tsiku akuyendetsa yekha. Zimenezo si kulephera. Makolo anzanu a m'bungwe la PODCAM, la makolo a ana olumala, akumana nazo nkhani zoterezi, ndipo mphunzitsi wa maphunziro apadera wa m'dera lanu akhoza kuika zogula ndi chenji m'zimene mwanayo akuphunzira kusukulu, kuti kunyumba ndi kukalasi muzinena chimodzi.

Musayambe zonsezi sabata imodzi, mungatope n'kuzisiya. Loweruka likubwerali sinthitsani K5,000 ikhale ma K1,000 asanu, yalani pamphasa pamodzi ndi K500, K2,000 ndi K5,000 ina ngati ilipo, mumufunse mnyamatayo kuti iliyonse ndi zingati, ndipo muyang'anitsitse pamene maso ake akugwera, pankhope kapena panambala. Mtsikanayo mumutume akatsuke botolo.